Khoma likutuluka thukuta: nyumba za mdadada za ku England

Mayi a Tadala, Leicester: Odi pagulu pano abale. Mutu wandiima. Nyumba yomwe tikuchita lendi ndi zija za njerwa zofiira zogundizana msewu wonse ngati mdadada. Chilowereni Novembala, khoma la kuchipinda kwa ana lada bii ndi chuku, makamaka kuseri kwa wodirobu ndi pakona ya zenera. Ndapukuta kawiri, sabata isanathe chabwereranso. Nsapato za Tadala za kutchalitchi ndazipeza zitayera mbuu ngati chimanga choikidwa m'nkhokwe chisanaume. Tadala nayenso wayamba kutsokomola usiku. Alandilodi akuti wolakwa ndine, ati ndimaphika nyemba nthawi yaitali komanso ndimayanika zovala m'nyumba. Inu amene mukukhala m'nyumba zotere, zimenezi n'zoona?

NaBanda, Liverpool: Pepani achemwali. Tisanakambe za wolakwa, ana achoke m'chipindamo usiku uno, agone kwanu kapena pabalaza. Chuku chimenecho chimalowa m'chifuwa, ndipo mwana wa mphumu chimamuzunza kwambiri. Kokani wodirobuyo isagunde khoma. Jambulani zithunzi zooneka tsiku, ndipo alandilodi muziwalembera, osangoimba foni. Akanyalanyaza, kukhonsolo kuli a zaumoyo amene amayendera nyumba za lendi.

aPhiri a Njerwa, Manchester: Mayi, ine nyumba zimenezi ndi munda wanga, ndimadyera momwemo. Ndifunse kaye. Chipinda cha anacho ndi chija chakumbuyo, chapamwamba pa khitchini? Kukacha mutuluke kuseri muyang'ane khoma lake: njerwa zonse zagona m'litali, kapena pali zina zoonetsa mutu wokha? Muonenso gata wa padenga, uja wolandira madzi a mvula, komanso ngati m'chipindamo muli malo amene kale ankasonkhapo moto koma anatsekedwa.

Mayi a Tadala, Leicester: Ii aPhiri, mwadziwa bwanji? Ndi chomwecho, chapamwamba pa khitchini. Zinazo ndiona mawa, kunja kwada kale.

Achimwene a ku Ndirande: Moni nonse a kunjako. Ine chimene chimandizunguza mutu ndi ichi. Kuno munthu akapeza ndalama amathawa mdadada, amakamanga yakeyake ndi mpanda wake. Nanga azungu ndi chuma chonsecho, mizinda yawo yadzaza bwanji ndi midadada? Pa zithunzi zomwe mumatumiza ndimaona zitseko ndondondo mpaka kumene maso alekezera.

aMbewe, Leeds: Funso labwino achimwene, ndipo yankho lake likukhudzanso khoma la Mayi a Tadala. Nyumbazi zambiri zinamangidwa mu ulamuliro wa Mfumukazi Victoria, kuyambira 1837 mpaka 1901. Mu 1801 England ndi Wales anali ndi anthu pafupifupi 9 miliyoni. Pofika 1901 anali atapitirira 32 miliyoni. Anthu ankasiya minda kuthamangira mafakitale, a thonje ku Manchester, a ubweya kuno ku Leeds ndi ku Bradford, a nsapato ndi masokosi ku Leicester kumene kuli Mayi a Tadala. Kalembera wa 1851 anapeza kuti okhala m'matauni aposa okhala kumidzi. Ndiye kumbukirani kuti wantchito ankapita kufakitale wapansi, mbandakucha. Nyumba inayenera kukhala pafupi, pamene malo anali odula.

Mtengo wa puloti unkatsata kutalika kwa mbali yoyang'ana kumsewu. N'chifukwa chake nyumbazi n'zopapatiza kumaso, mamita 4 kapena 5 basi, koma zimalowa m'kati ndi kukwera m'mwamba. Khoma limodzi limatumikira nyumba ziwiri, njerwa zapulumuka. Sanamange ndi boma ayi. Ankamanga ndi amisiri ang'onoang'ono: atenga malo, amanga nyumba zingapo, agulitsa, ndalamayo amangira zotsatira. Mukayenda mumsewu umodzi mosathamanga muona kuti pakatha zitseko zingapo maluwa a pamwamba pa khomo asintha. Pamenepo m'pamene mmisiri wina anasiyira, wina n'kuyambira.

Achimwene a ku Ndirande: Ndiye kuti n'chimodzimodzi alandilodi akuno, amene amati akapeza ya simenti aonjezera chitseko china kumapeto.

aMbewe, Leeds: Poyamba zinalidi choncho, ndipo zinapha anthu. Ankamanga mothithikana, chimbudzi chimodzi mabanja ambirimbiri, madzi oipa akungoyenda pabwalo. Kolera anafika mu 1831, anabweranso mu 1848. Mkulu wina wa m'boma, Edwin Chadwick, analemba lipoti mu 1842 losonyeza kuti malo okhala ndiwo ankadwalitsa amphawi. Koma lamulo limene linaumba misewu yomwe tikuionayi ndi la zaumoyo la 1875. Linapatsa makhonsolo mphamvu yoika malamulo a kamangidwe, ndipo mu 1877 boma linatulutsa chitsanzo choti azitsata: msewu watsopano ukhale wotambalala mafiti 36, pafupifupi mamita 11, kuseri kwa nyumba kukhale kabwalo, chipinda chilichonse chogona anthu chikhale ndi zenera lotseguka. Kufanana kwa misewuyi sikunachokere kwa wojambula mapulani mmodzi. Mmisiri aliyense ankangopereka zimene lamulo lafuna, osaonjezera ngakhale phazi limodzi, ndiye zonse zinatuluka ngati za chikombole chimodzi.

Mtsikana wa ku Glasgow: Amalume aMbewe, inu si mumakhala m'nyumba yopanda khomo lakuseri? Lamulolo linakudumphani bwanji?

aMbewe, Leeds: Eya mwanawe, yanga kuno ku Harehills ndi ija amati back-to-back. Makoma atatu ndimagawana ndi anzanga: kumanja, kumanzere ndi kumbuyo. Khoma la kumbuyo kwa bedi langa, mbali inayo ndi nyumba ya banja lina loyang'ana msewu wina. Khomo ndi limodzi, mazenera onse ali kumaso. Zipinda zinasanjikizana: chapansi pa nthaka, pabalaza, chogona, china kudenga, masitepe ake oima njoo moti matiresi tinalowetsa movutika. Manchester inaletsa nyumba zotere mu 1844, dziko lonse linaletsa mu 1909, koma Leeds inapitiriza kumanga zimene mapulani ake anali atavomerezedwa kale mpaka 1937. Pakatha nyumba zingapo pamakhala mpata, m'mene munali zimbudzi zogawana. Lero timaikamo mabini. Misewu ina anthu amayanikabe zovala pa chingwe chodutsa msewu kuchoka nyumba iyi kufika inayo. Ubwino wake imafunda, chifukwa khoma lozizira ndi limodzi lokha. Kuipa kwake mphepo siidutsa, ndipo n'chimene madokotala a nthawi imeneyo ankadana nacho.

Mayi a Tadala, Leicester: Mwadzuka bwanji nonse. APhiri, ndaona. Njerwa zili motere: yaitali, yaifupi, yaitali, yaifupi. M'gata mwamera udzu weniweni, ndipo pakhoma pali mzere wobiriwira wotsika kuchokera pamenepo, moyang'anizana ndi pakona pamene pada m'katimo. Pakati pa njerwa anamata simenti yotuwa, ndipo njerwa zina nkhope zake zasupuka. M'chipindamo muli khoma lotuluka ngati chifuwa, koma ndi losalala, palibe bowo lililonse.

aPhiri a Njerwa, Manchester: Basi mayi, matenda tawapeza. Ndifotokoze pang'onopang'ono, chifukwa ambiri pagulu pano tikukhala m'nyumba zomwezi.

Njerwa zazifupizo sizinadulidwe ayi. Ndi njerwa zathunthu zogonekedwa chopingasa, mutu kunja mchira m'kati, kuti zimange mizere iwiri pamodzi. Zikaoneka choncho dziwani kuti khoma ndi lamtima umodzi, mainchesi 9, lopanda mpata pakati. Nyumba zamakono zili ndi makoma awiri ndi mpata pakati pake, mvula ikanyowetsa lakunja, lam'kati silimva. Kamangidwe kameneko kanafala cha m'ma 1920 ndi 1930. Khoma lanulo likanyowa kunja, chinyezi chimayenda mpaka m'kati.

Akale ankazidziwa zimenezi. Pomanga sankagwiritsa simenti, ankagwiritsa laimu wosakaniza ndi mchenga. Laimu ndi wofewa, amamwa madzi n'kuwalavulanso kukacha bwino. Pulasitala wa m'kati analinso wa laimu. Ndiye chipinda chilichonse chinali ndi malo osonkhapo malasha ndi chumuni chake. Werengani miphika ya chumuni ili pamwamba pa denga, iliyonse ndi moto wake. Moto ukayaka unkakoka mpweya wa m'nyumba kutulutsa pachumuni, wina watsopano n'kumalowa m'mphepete mwa mazenera a matabwa aja otsegula chokweza, ndi pansi pa matabwa a pabalaza kudzera m'njerwa zamabowo zili m'munsi mwa khoma. Nyumba inkapuma usana ndi usiku. Inali yozizira kumsana, yotentha kumaso, koma youma.

Tsopano taonani zimene zachitika pa zaka zonsezi. Utsi utapha anthu masauzande ku London mu Disembala 1952, kunabwera lamulo la 1956 ndipo malasha anayamba kusiyidwa m'matauni. Anthu anatseka malo a moto ndi njerwa, ena osasiya ngakhale kabowo. Anachotsa mazenera a matabwa n'kuika apulasitiki otseka ndindindi. Anamata simenti pa laimu. Anaika bafa la madzi otentha m'nyumba imene inamangidwa yopanda bafa. Mphuno zonse zatsekedwa, nthunzi yachuluka. Ipita kuti? Imafuna khoma lozizira kuposa onse n'kusanduka madzi pamenepo, monga botolo lochoka mufiriji limachitira thukuta. Chipinda cha pamwamba pa khitchini chili m'kachigawo kotulukira kumbuyo, makoma ake awiri kapena atatu ali pamphepo. Chimayamba kudwala ndi chimenecho nthawi zonse.

Njerwa zosupukazo ndi ntchito ya simenti. Simenti ndi yolimba kuposa njerwa yakale, madzi amalephera kutulukira m'mizere ndiye amatulukira m'njerwa. Kukazizira mpaka madzi kuundana, nkhope ya njerwa imathetheka.

Bambo a Chikondi, Nottingham: Koma aPhiri tinene chilungamo. Alandilodiwo sananame kwenikweni. Ife timaphikadi. Nyemba maola atatu, nsima, madzi osamba, zovala pa hita. Ine nditayamba kuvundikira mapoto ndi kutsegula zenera pophika, zinthu zinasintha kwathu.

aPhiri a Njerwa, Manchester: Zoona bambo, nthunzi ya mphika ndi madzi ndithu, sindikukana. Koma udzu wa m'gata sanadzale ndi Mayi a Tadala. Khoma lonyowa limazizira kuposa louma, ndiye gata akamathira madzi kunja, nthunzi ya m'kati imapezanso pokhala. Mavuto awiriwa amadyetsana. La gata, la simenti ndi la chumuni chotsekedwa ndi a mwini nyumba. La kuvundikira mphika, kutseka chitseko cha khitchini pophika ndi kutsegula mazenera m'mawa kwa mphindi zochepa ndi lathu. Mayi, muyesenso fani ya kubafa: ikani kapepala ka tishu pamenepo, kakagwa ndiye kuti siikoka. Pamwamba pa mafelemu a mazenera pamakhalanso timabowo totsekula ndi chala, ambiri timatitseka poopa kuzizira.

Chinthu chimodzi ndikupempheni nonse. Wina akabwera n'kugunda khoma ndi kamakina kolira, n'kunena kuti chinyezi chikukwera kuchokera pansi, tibaye mankhwala m'khoma, musafulumire. Ine ndinaitanidwapo kunyumba ina kumene anali atalipira kale zimenezo kawiri. Nditafika ndinapeza kuti anathira konkire pabwalo mpaka kukwirira njerwa zamabowo zonse. Titatukula thabwa limodzi pabalaza, fungo lake ngati m'dzenje la mbatata, mitanda ya pansi ikufumbutuka m'manja. Nyumba zambiri zomangidwa pambuyo pa 1875 zili kale ndi mzere wa sileti m'munsi mwa khoma wotchinga chinyezi. Dothi kapena konkire ikakwera kupitirira mzerewo, madzi amangoulambalala.

Achimwene a ku Ndirande: Sileti yake yomwe ija agogo ankalembapo kusukulu?

aMbewe, Leeds: Yomweyo achimwene. Madenga otuwa a nyumbazi ndi mwala umenewo, wong'ambidwa mopyapyala. Wambiri unkachokera kumpoto kwa Wales, ku migodi ya Penrhyn, Dinorwig ndi Blaenau Ffestiniog, ndipo njanji ndi imene inaufikitsa m'tauni iliyonse. Njerwa zokha zinkatsata dothi la dera: zachikasu ku London, zofiira ku Manchester ndi ku Leicester, pamene ku Bradford ndi ku Halifax ankamanga ndi miyala. Ngakhale mazenera ali ndi mbiri ya msonkho. Boma linkadula msonkho pa galasi mpaka 1845, pa njerwa mpaka 1850, ndi pa kuchuluka kwa mazenera mpaka 1851. Misonkhoyi itachoka, mazenera anakula, ndipo lija lotulukira kunja ngati mimba, limene amati bay window, linafika ndi kunyumba za anthu wamba. Linali chizindikiro. Banja la kalaliki kapena kapitawo linkafuna zenera lotero, kampanda kakang'ono kumaso, ndi kanjira ka m'kati ka matailosi amitundumitundu kuti mlendo asagwere pabalaza. Wantchito wamba chitseko chake chinkatsegukira mumsewu mwenimweni.

NaBanda, Liverpool: Za pabalazazo mwandikumbutsa agogo ena achizungu amene ndinkawasamalira. Anabadwira m'nyumba ya zipinda ziwiri pansi, ziwiri pamwamba, ana asanu ndi mmodzi. Ankati chipinda chakumaso sankalowamo wamba. Munali mipando yabwino ndi wotchi, ankatsegula Lamulungu, pakabwera abusa, ndi pamaliro, chifukwa thupi linkagona mmenemo anthu n'kumabwera kudzaona. Moyo wonse unali m'chipinda chakumbuyo, pamoto. Kusamba kunali kamodzi pasabata m'bafa la lata patsogolo pa moto, madzi omwewo kuyambira wamkulu mpaka wamng'ono. Chimbudzi chinali kumapeto kwa bwalo, usiku ankapita ndi kandulo. Mayi awo ankagwada kukwecha sitepe ya pakhomo m'mawa uliwonse, poti msewu wonse unkaweruza mkazi poona sitepe yake. Ankandiuza akugwetsa misozi, ati m'msewu umenewo munthu sankadwala yekha.

Mtsikana wa ku Glasgow: Anti, nkhaniyo ndi yokoma, koma ine ndinene maganizo anga. Nyumbazi zinamangidwira anthu osauka mothamanga, zatha zaka zoposa 120, zimadya ndalama za gasi, oyandikana nawo akatsokomola umamva. Bwanji osangogwetsa n'kumanga zofunda? Kuno ku Glasgow zakale zathu ndi zina, nyumba zamiyala zosanjikiza katatu kapena kanayi, mabanja angapo masitepe amodzi, koma kuzizira kwake n'komweko.

NaBanda, Liverpool: Anayesa mwanangu, kawiri konse. M'ma 1950 ndi 1960 anagwetsa misewu yambirimbiri n'kusamutsira anthu m'nyumba zazitali zakonkire, ndipo zingapo mwa izo zinagwetsedwanso pasanathe zaka 40. Kenako kuyambira 2002 kunabwera ndondomeko ina ya boma yogwetsa midadada kumpoto kwa England. Kuno ku Toxteth kuli misewu yotchedwa Welsh Streets, yomangidwa m'ma 1870 ndi amisiri ochokera ku Wales. Anthu anasamutsidwa, mazenera anakhomedwa malata, nyumba zinakhala zaka zambiri zili bwinja anthu akukangana. Mapeto ake zambiri sizinagwe, zinakonzedwa, ndipo lero muli mabanja. Ku Granby, pafupi pomwepo, otsala ochepa anakana kuchoka. Anayamba kudzala maluwa m'misewu yopanda anthu, kupenta zitseko zokhomedwa, kuchititsa msika. Ntchito yokonza nyumba zimenezo inapata mphoto yaikulu ya zaluso yotchedwa Turner mu 2015. Mu 2013 khonsolo ya Liverpool inafika pogulitsa nyumba zina paundi imodzi, bola wogulayo akonze ndi kukhalamo. Ine ndimadutsa m'misewu imeneyi popita kuntchito, ndipo sindingavomere kuti zikanagwa zikanakhala bwino.

Bambo a Chikondi, Nottingham: Koma mtsikanayu pa za gasi sakunama. Bilu ya Januwale imandiwawa chaka chilichonse.

aPhiri a Njerwa, Manchester: Imawawadi. Koma yapakati pa mdadada imataya kutentha kumaso ndi kumbuyo kokha, yakumapeto ndi imene imavutika. Poyambira ndi kudenga: kwerani muone ngati anayala zofunditsa zokwanira, n'zotchipa kuposa zonse. Mukakwerako muonenso ngati khoma la pakati pa inu ndi anzanu lafika mpaka kumasileti. M'nyumba zina zakale kudenga kulibe chotchinga, munthu atha kukwawa kuchoka nyumba yoyamba kufika yomaliza, ndipo moto umayendanso chomwecho. Za kufunditsa makoma zimatheka, koma ndi zipangizo zopuma. Ukamata pulasitiki pakhoma lotere wabisa chinyezi, sunachichotse. Ndipo amene mwagula zanu, musagwetse chifuwa cha chumuni pansi n'kusiya cham'mwamba chili lende. Ndaonapo njerwa zolemera zitatsamira pa thabwa limodzi pamwamba pa bedi la munthu. Khomalo ndi la awiri, lamulo la 1996 limafuna kuti mnzanu wa mbali inayo mumudziwitse polemba musanaligwire.

Achimwene a ku Ndirande: Ndaphunzira zambiri. Kunonso tili nayo njerwa ya nthawi ya Victoria, tchalitchi cha St Michael and All Angels pa Blantyre Mission, chomangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891 ndi njerwa zoumba ndi kuotcha pompo. Ndikadutsa mawa ndikaima ndione ngati ndipeze zoonetsa mutu zija.

Mayi a Tadala, Leicester: Abale, ndabwera ndi lipoti. Ndinatumiza zithunzi za gata ndi mzere wobiriwira uja, ndi mawu a aPhiri monga analembera. Lero kwabwera munthu ndi makwerero. Watsitsa ndowa ziwiri za matope, ndere ndi zidutswa za sileti, ndipo wapeza sileti imodzi itasereleka pamwamba pa kona yomwe ija. Fani ya kubafa inalidi yakufa, tishu inagwa. Akuti abweretsa ina Lachisanu. Za simenti ndi chumuni alandilodi akuti aganizira kaye.

aPhiri a Njerwa, Manchester: Mwayamba bwino mayi. Musayembekeze kuti mawa khoma lauma. Ife amisiri timawerengera inchi imodzi pamwezi, ndiye lanulo lifuna mpaka nyengo yotentha. Asapake penti yonyezimira pamenepo pofuna kubisa. Pa chumuni muwauze kuti ndi kabowo kamodzi kokha ndi kachitsulo kotchinga, ntchito ya ola limodzi, pamwamba n'kuika chipewa cholowetsa mpweya.

NaBanda, Liverpool: Nanga Tadala chifuwa chija chili bwanji? Akapitiriza kutsokomola usiku mupite naye kwa dokotala, ndipo mukanene za chukucho kuti zilembedwe.

Mayi a Tadala, Leicester: Akupezako bwino anti, chiyambireni kugona kwathu sanadzukenso usiku. Wodirobu ndaisamutsira kukhoma logawana ndi aneba, poti aPhiri anati limenelo ndiye lofunda. AMbewe, pochotsa kapeti wonyowa pakhomo ndapeza matailosi aja munkanena, ofiira, akuda ndi achikasu, awiri okha ndiwo osweka. Ndiwakweche ndi chiyani kuti ndisawaononge?